Bala Lili Pamimba, Koma Likulira ndi Phewa

Azakhali anga amakhala ku St Mary's, chigawo chakale kwambiri cha tauni ya Chitungwiza, m'nyumba imene anasiya malemu agogo. Chaka chatha anawachotsa ndulu. Madokotala a pachipatala china mu Harare sanawang'ambe mimba monga zinkakhalira kale. Anangoboola timabowo tinayi, n'kulowetsa kakamera ndi tizitsulo, ndipo m'mawa mwake anawauza kuti akhoza kumapita kwawo. Ana awo a ku Joni, amene anasonkherana ndalama ya opaleshoniyo, mitima inawakhala pansi. Nanenso kuno ku Lilongwe ndinagona tulo tabwino.

Usiku wachiwiri foni inalira. "Iwe mwana wa achimwene," anatero azakhali, mawu akunjenjemera, "anthu aja anandicheka pamimba. Nanga phewali likulira chiyani?"

Ululu unali pansonga penipeni pa phewa lakumanja, wobaya ngati wina wazikapo msomali, ndipo unkakula akakoka mpweya wambiri. Mabala a pamimba sankawavutitsa kwenikweni. Pakhadi lakuchipatala panalembedwa mayina a mankhwala ndi tsiku lobwererako, m'Chingerezi cha madokotala. Za phewa panalibe ngakhale liwu limodzi.

Nyumba za ku St Mary's n'zothithikana, ndipo nkhani sichedwa kudumpha mpanda. Pofika masana a tsiku lotsatira aliyense anali ndi yankho lake. Wina anati madokotala anaiwala sizasi m'mimba ndipo ikuyenda m'thupi. Wina anati anawagwetsa pabedi ali mtulo ta mankhwala. Mayi wina wachikulire anafunsa monong'ona kuti nduluyo anapita nayo kuti, pakuti kwathu liwu loti ndulu silimveka lokha, limabwera ndi mthunzi wa ndulu ya ng'ona ndi nkhani za kudyetsedwa. Anthuwa sindikuwanyoza. Munthu akamva kuwawa pamalo pamene mpeni sunafike, wodziwa osamuuza kanthu, mutu umadzipezera wokha chonena, ndipo kawirikawiri umasankha choopsa.

Chonsecho yankho lilipo, ndipo madokotala analidziwa kalekale. Pakati pa chifuwa ndi mimba pali mnofu wopyapyala, wovundikira ngati denga la nyumba yozungulira, umene umatsika ndi kukwera tikamapuma. Kusukulu tinkautcha dayafulamu. Mtsempha umene umauyendetsa ndi kunyamula uthenga wake suchokera pafupi ayi. Umachokera m'khosi, pamfundo yachitatu, yachinayi ndi yachisanu ya msana. Zili choncho chifukwa mwana akamaumbika m'mimba mwa mayi wake, mnofuwu umayambira kumtunda, cha kukhosi, kenako umatsika ukukoka mtsempha wake ngati mbuzi yothawa ndi chingwe. Pamfundo zomwezo ndi pamene pamalowanso mitsempha yomva za khungu la paphewa. Ndiye chinthu chikakhudza dayafulamu, uthenga wake umalowera pakhomo limodzi ndi uthenga wa paphewa, ndipo ubongo, umene unazolowera kumva za phewa tsiku ndi tsiku, umaloza phewa.

Chichewa chathu chimativutitsa pang'ono pamenepa. Liwu limodzi loti mtsempha limanyamula njira ya magazi, chingwe cholumikiza mnofu ku fupa, ndi ulusi wotumiza uthenga ku ubongo. Namwino akati "ndi mtsempha", wodwala angamve kuti magazi aundana, kapena kuti china chaduka. N'chifukwa chake kufotokozera wodwala kumafuna mphindi zingapo ndi chala choloza pathupi, osati liwu limodzi lotayidwa pakhomo.

Nanga chinakhudza dayafulamu ya azakhali n'chiyani? Mpweya. Opaleshoni ya timabowo, imene dokotala wa ku Germany, Erich Mühe, anayamba kuchotsera ndulu mu 1985, imafuna malo oti dokotala aone chimene akuchita. Choncho amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti ifufume. Akamaliza amautulutsa, koma wina umatsalira n'kukakhala pansi pa dayafulamu, imene yakhala kale ikukokeka nthawi yonse ya opaleshoni. Thupi limaumwa mpweyawo pang'onopang'ono, ndipo ululu umazilala pakapita masiku awiri kapena atatu, nthawi zina sabata. Amayi ena obereka ndi opaleshoni amamva zomwezi, chifukwa timagazi, timadzi kapena mpweya zimatsalira m'mimba n'kukafika pamalo omwewo. Chothandiza n'chosavuta: kudzuka n'kumayenda pang'ono m'nyumba ndi pabwalo, kuika nsalu yofunda paphewa, ndi kumwa mankhwala ochepetsa ululu amene munapatsidwa, panthawi yake.

Koma ndisanapitirire, pali mbali imene ndikufuna aliyense wosamalira wodwala aimve bwino. Njira yomweyi imene mpweya wosalakwa umalirira paphewa ndi imenenso zoopsa zimalirira. Dokotala wina wa ku Germany, Hans Kehr, amene anamwalira mu 1916, dzina lake linatsalira pa chizindikiro chimene ophunzira udokotala amaloweza mpaka lero: munthu kapamba akaphulika, magazi n'kudzaza m'mimba, amadandaula phewa lakumanzere. Mayi amene mimba yamera m'chubu, kunja kwa chiberekero, ikaphulika nayenso amagwira phewa. Pambuyo pa opaleshoni, magazi otayikira m'kati, madzi a ndulu odontha, kapena mafinya osonkhana pansi pa dayafulamu zonse zingalankhulire pamenepo. Magazi oundana amene achoka m'mwendo n'kukatseka m'mapapo amabaya popuma. Mtima nawo umatumiza ululu kuphewa, kumkono ndi kunsagwada, ndipo mwa amayi ndi odwala shuga nthawi zina pachifuwa sipapweteka kwambiri. Ndiye phewa likamawawa ndipo pali kutentha thupi, befu, chizungulire, thukuta lozizira, mimba yotupa ndi youma, maso achikasu, kusanza kosalekeza, kapena katumba wotupa mwendo umodzi, musadikire kuti kuche. Ululu umene ukukula tsiku ndi tsiku m'malo mochepa nawonso ndi wothamanga nawo. Kwa anthu a ku St Mary's, Zengeza ndi Seke, chipatala chachikulu cha Chitungwiza Central chili konko ku Zengeza. Chakudza sichiimba ng'oma.

Azakhali analibe chilichonse mwa zimenezi. Patapita masiku anayi msomali uja unazuka wokha, ndipo tonse tinati nkhani yatha.

Siinathe. Ululu woyamba uja unawasiyira mantha. Anakhulupirira kuti paphewa pali chimene chinasokonekera ku fiyeta, ndipo anayamba kulisunga ngati dzira. Anamanga mkono m'chitenje, chigongono chili pamimba. Adzukulu anawaletsa kugwira chilichonse, ndipo anachita zimenezi mwachikondi. Mtsikana wamkulu anatenga mthiko, mnyamata anatenga zigubu.

Za zigubuzi ndinene pang'ono. Chitungwiza, imene inapangidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ili ndi anthu oposa 370,000 malinga ndi kalembera wa 2022, koma madzi ake imadalira a ku Harare, ndipo mipopi m'madera ambiri imatha masiku yosadontha. Mliri wa kolera wa mu 2008 unayambira m'tauni yomweyi. Moyo wa mayi wa kuno uli pamjigo ndi pachitsime: kupopa, kutukula ndowa, kusenza, kutula. Munthu wochitidwa opaleshoni ya pamimba amauzidwa kuti asanyamule zolemera kwa masabata angapo, ndipo langizo limenelo ndi loona. Vuto n'lakuti m'makutu mwa banja, "musanyamule zolemera" imasanduka "musagwedeze mkono". Kumbali inayo kuli mayi amene alibe womutungira, amene amabwerera pamjigo ulusi usanachotsedwe. Onse awiri amavulala, aliyense mwa njira yake.

Patatha mwezi ndi theka ululu wina unabwera, wosiyana ndi woyamba. Uwu unali wa m'kati mwa mfundo, wong'ung'udza, wotsikira kumkono, wokonda usiku. Akagonera mbali imeneyo ankadzuka ndi kulira. Kenako mkono unayamba kukana. Kupesa tsitsi kunakanika. Kumanga chitenje kumbuyo kunakanika. Chimene chinawasweka mtima kwambiri ndi duku. Azakhali ndi mayi wa Chigwirizano mu mpingo wa CCAP, mpingo umene unatsatira Amalawi ku Salisbury, Harare wa lero, kuyambira 1912 ndipo lero uli ndi sinodi yake ya Harare. Kwa zaka zambiri ankamanga okha duku loyera. Tsopano ankakhala pampando ngati mwana, mdzukulu akuwamanga.

Anapita kukajambulitsa. Chithunzi cha mafupa chinatuluka choyera, ndipo wowerenga anati palibe vuto. Mawu amenewo, amene anayenera kukhala otonthoza, ndi amene anawatsegulira njira zina zonse. Ngati makina a azungu sakuona kanthu pamene munthu sakugona, ndiye kuti chinthucho n'choponyedwa. Anapita kumasowe, kumene mapositoli ovala zoyera amapempherera panja m'madambo ndi m'miyala yozungulira tauniyi. Anabwera ndi madzi opemphereredwa. Kenako wachibale wina anawatengera kwa sing'anga amene anawatema mphini paphewa n'kupakamo zakuda. Pemphero sindilimbana nalo. Linawagwira mtima pamene tonse tinali kutali. Koma lezala pakhungu la azakhali, munthu wodwala shuga, amene zilonda zake zimachedwa kupola, linandiopsa, ndipo ndi limene linandikweza basi.

Ndinadutsa njira ya Mwanza, Zobue, Tete ndi Nyamapanda, njira yofanana ndi imene agogo anayenda kuchokera ku Dedza m'masiku a Mthandizi, pamene anyamata a ku Nyasaland ankapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, Zimbabwe wa lero. Ambiri sanabwerere, kwathu tinawatcha matchona. Ana awo anabadwira m'makomboni, anakula akutchedwa Mabhurandaya, ndipo kwa zaka zambiri ziphaso zawo zinkawalemba kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo. Ndikutchula zimenezi chifukwa zimafika mpaka m'chipinda cha dokotala. Mbadwo wa azakhali unaphunzira kusafunsa kwambiri pamaso pa munthu wa yunifolomu. Amalankhula Chishona bwinobwino, koma ululu wawo amaufotokoza m'Chichewa: kubaya, kung'ung'udza, kuyaka, kuchita dzanzi, kuphwanya. Akafika kwa dokotala, zonsezi zimafota n'kukhala liwu limodzi loti zikupweteka.

Amene anamasula mfundo anali mtsikana wa mafizo. Sanayambe ndi makina. Anawakhazika pansi n'kufunsa kuti ululu unayamba liti, umakula nthawi yanji, ndipo shuga anawapeza nayo chaka chanji. Kenako anati, "Ambuya, lekani mkono ulefuke, ndiunyamule ine." Anaukweza pang'onopang'ono, ndipo usanafike pamsinkhu wa phewa unaima ngati chitseko chogunda mwala. Anapinda chigongono n'kuyesa kutembenuzira dzanja kunja. Linakana. Pamenepo anatiuza kuti vutoli madokotala amalitcha frozen shoulder, phewa louma, ndipo chizindikiro chake chachikulu n'chomwecho: mkono sukwera ngakhale wina akukwezereni.

Mfundo ya phewa inakutidwa ndi kathumba kofewa, kotakasuka, kamene kamalola mkono kuzungulira mbali zonse. Kathumbako kakatupa, kamakhuthala n'kufinyika ngati chikopa chouma padzuwa. Chithunzi cha mafupa sichionetsa zimenezi chifukwa mafupawo alibedi vuto. Si matenda achilendo. Dokotala wa ku France, Simon-Emmanuel Duplay, anawalongosola mu 1872, ndipo dzina loti frozen shoulder linaperekedwa ndi Ernest Codman wa ku Boston mu 1934. Amagwira anthu awiri mpaka asanu pa 100 alionse, makamaka a zaka zapakati pa 40 ndi 60, amayi kuposa abambo, ndipo odwala shuga amawapeza kwambiri kuposa ena. Amakondanso kubwera mkono ukakhala nthawi yaitali osayendetsedwa, monga pambuyo pa opaleshoni ya bere, ya mtima, kapena munthu akathyoka. Azakhali anali ndi zaka zake, shuga yake, ndi chitenje chija.

Mtsikana wa mafizo uja sanawanamize azakhali. Anawauza kuti matendawa amayenda m'magawo: miyezi ya ululu, miyezi ya kuuma pamene ululu umachepa koma mkono sukwera, kenako miyezi ya kumasuka. Zonse pamodzi zingatenge chaka, ziwiri, ngakhale zitatu, ndipo ena amatsala ndi kuuma pang'ono. Ndinkaganiza kuti azakhali akhumudwa kumva zaka. Koma nkhope yawo inamasuka. "Ndiye kuti chili ndi dzina," anatero. Usiku umenewo phewa linawawa monga kale, koma sanadzutse mdzukulu kuti ayatse nyali n'kuyang'ana pansi pa bedi.

Si phewa lililonse lowawa pambuyo pa opaleshoni limene lili louma. Munthu akagonekedwa maola ambiri mkono utatambasulidwa kwambiri, mitsempha yochoka m'khosi kupita kumkono ingakokeke, n'kusiya dzanzi kapena kufooka kumene kawirikawiri kumatha pakapita masabata kapena miyezi. Palinso vuto losowa limene madokotala a ku Britain, Maurice Parsonage ndi John Turner, analemba mu 1948: ululu woopsa wobwera mwadzidzidzi patapita masiku kuchokera pa opaleshoni, matenda kapena kubereka, umene ukazilala umasiya mkono wofooka, minofu yowonda, nthawi zina fupa lakuseri kwa phewa litatukuka ngati phiko. Amayi ochotsedwa bere amatha kumva kuyaka m'khwapa ndi paphewa kwa nthawi yaitali. Buku la mayina a matenda la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, limauwerenga ululu wopitirira miyezi itatu pambuyo pa opaleshoni ngati matenda paokha. Choncho wodwala wobwerera kuchipatala ndi dandaulo lotere asadzione ngati wovutitsa. Ndipo wosamalira wodwala akonzekeretu zonena: pamene pakuwawa, mtundu wa kuwawako, tsiku limene kunayamba, chimene mkono sungathenso kuchita. Alembe papepala ngati n'kotheka, chifukwa pamzere wautali mphindi za dokotala n'zochepa.

Mafizo amene azakhali anapatsidwa sanafune ndalama. Kuwerama, dzanja labwino litagwira tebulo, mkono wodwala uli lende n'kumauzunguza pang'ono. Kuyendetsa zala pakhoma ngati nyerere yokwera, mpaka pamene payamba kukoka, osapitirira. Kugona chagada atagwira ndodo ya tsache ndi manja awiri, dzanja labwino likukweza lodwala. Asanayambe, nsalu yoviika m'madzi ofunda. Pang'ono pang'ono, kangapo patsiku, osati mwamphamvu kamodzi. Mdzukulu wamwamuna, amene ankafuna kuukoka mkonowo kuti "uthyoke msanga", anadzudzulidwa, chifukwa m'miyezi ya ululu kukakamiza kumangowonjezera kutupa. Usiku ankagonera mbali yabwino atakumbatira pilo. Chitenje chomangira mkono chinabwerera m'chiuno. Dziko la Zimbabwe limaphunzitsa akatswiri a mafizo pa University of Zimbabwe, ndi othandizira awo ku Marondera, koma odwala ambiri sadziwa kuti angathe kupempha dokotala kuti awatumize kwa anthu amenewa. Pempholi ndi lololedwa.

Pa mankhwala m'pamene ndinapeza zondidetsa nkhawa. M'kabati munali timapepala ta mapiritsi ogulidwa m'misewu, ena opanda dzina. Azakhali ankamwa diclofenac m'mawa ndi ibuprofen madzulo osadziwa kuti ndi a banja limodzi, ndi kuti akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, zimene shuga imakhala ikuzivutitsa kale. Odwala BP ndi amene amamwa ma ARV ena ayeneranso kufunsa asanawazolowere. Ngakhale panado ali ndi malire: munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa maola 24, ndipo wa vuto la chiwindi kapena womwa mowa kwambiri achepetse kuposa apo. Tramadol ndi mankhwala okhala ndi codeine amagwira munthu ngati fodya. Makolo a ku Chitungwiza akudziwa kale zimene mankhwala a chifuwa a BronCleer achita kwa achinyamata. Pali jakisoni amene dokotala angabaye m'mfundo kuti achepetse kutupa, ndipo amathandiza ambiri m'miyezi yoyamba, koma amakweza shuga kwa masiku angapo, ndiye wodwala shuga anene msanga.

Chimene mapiritsi sanachifike ndi maganizo. Munthu wosagona miyezi itatu amasintha. Azakhali, amene nyumba yawo inali yosatha alendo, anayamba kutseka chitseko masana. Ankawerenga ndalama zimene ana anawononga, n'kumati akhala mtolo. Anzathu Achishona ali ndi liwu loti kufungisisa, kuganiza mopitirira, ndipo ululu wosatha ndi kufungisisa zimadyetsana: nkhawa imalimbitsa minofu ya khosi ndi mapewa, tulo timathawa, ndipo thupi losagona limamva kuwawa kwambiri. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ku Mbare ntchito yotchedwa Friendship Bench, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa kiliniki n'kumvetsera anthu olemedwa mumtima, n'kuwathandiza kusankha vuto limodzi loyamba nalo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti njirayi imathandizadi, ndipo mabenchi otere anafika ku Chitungwiza. Azakhali sanapiteko, koma amayi anzawo a Chigwirizano anachita chofanana nacho. Anagawana masiku. Wina ankabwera ndi chigubu cha madzi, wina ankangokhala nawo pakhonde. Mmodzi, amene anachotsedwa bere zaka zapitazo ndipo ankadziwa za mkono wokana, ankaima nawo pakhoma, onse awiri zala zikukwera.

Pakhoma limenelo mdzukulu anayamba kulemba mzere ndi khala Lamlungu lililonse, pamene chala chapakati chafika. Masabata ena mzere sunkasuntha. Mwezi wina unatsika, chifukwa azakhali anatukula ndowa yodzaza mjigo utachedwa ndipo anagona masiku atatu. Tsopano amatunga ndi kandowa kakang'ono, maulendo ambiri. Nsima ya anthu awiri amavundula okha. Ya banja lonse amasiyira mtsikana.

Papita miyezi khumi ndi umodzi. Ululu wa usiku unachepa kwambiri, shuga akuyezetsa mwezi ndi mwezi, ndipo mphini zinapola n'kusiya timizere takuda. Dzanja silinafikebe pakati pa msana, ndipo bulauzi amavala poyamba ndi mkono wodwalawo monga anawaphunzitsira. Sabata yatha mdzukulu ananditumizira kanema pa WhatsApp. Azakhali aima pagalasi la wadiropu, bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku lili m'manja. Akweza mkono wakumanzere, kenako wakumanja ukutsatira pang'onopang'ono, chigongono chikunjenjemera. Mtsikana akuyandikira kuti athandize. "Taima kaye, iwe," akutero azakhali, osacheuka, zala zikufunafuna nsonga ya nsalu kuseri kwa khosi.